Mfuti yakale ya asilikali: kuisiya momwe ilili, kuipepula, kapena kuisintha calibre?

Mfuti zimene tikunena pano ndi za bolt, zija zimafuna kukoka ndi dzanja musanaombe chipolopolo china: Mauser 98, Lee-Enfield, Mosin-Nagant, Springfield M1903, Enfield M1917, Mauser ya ku Sweden ndi Arisaka ya ku Japan. Zinapangidwa mamiliyoni ambirimbiri, ndipo nkhondo zikuluzikulu ziwiri zitatha maboma anazigulitsa motchipa. Kuyambira pamenepo alenje ndi oombera chandamale akhala akuzidula, kuziika scope (galasi lokulitsa chandamale) ndi kuzisintha calibre (mtundu ndi kukula kwa chipolopolo chimene mfuti imalandira). Zina zinatuluka mfuti zapamwamba ndithu. Zambiri zinangoonongeka, eni ake atataya ndalama zoposa za mfuti yatsopano.

Kawirikawiri chimene chimagamula nkhaniyi si luso la mmisiri koma chitsulo chimene mwayambira nacho. Receiver, thupi limene bolt imayendamo ndiponso mpope umamangidwirapo, anaipangira chipolopolo chimodzi. Mukamatalikira chipolopolo chimenecho m'pamene ntchito, ndalama ndi ngozi zimakulira.

Mfuti zodzilowetsa zokha zipolopolo taziika pambali, chifukwa kumeneko lamulo limatseka khomo mmisiri asanagwire n'komwe chida. Ku Britain lamulo la 1988 limati mfuti imene inakhalapo m'gulu loletsedwa imakhalabe yoletsedwa ngakhale muisinthe motani. Ku America nako receiver imene inakhalapo ya machine gun amaiwerenga machine gun mpaka kalekale.

Zoyenera kupima musanasankhe

*Tako la khoko.* Nkhope ya bolt ndi extractor, kachikhadabo kamene kamakoka khoko mukaomba, zinasulidwa molingana ndi tako la chipolopolo choyambirira. Zipolopolo za 8x57, 7x57, .30-06, .308 Winchester, .270 Winchester, .243 Winchester ndi 9.3x62 zonse tako lake ndi pafupifupi 12 mm, lopanda mkombero wotuluka kunja. N'chifukwa chake Mauser 98 imalandira zonsezi bolt osaikhudza. Koma .303 British ili ndi mkombero wa 13.7 mm, ndipo wa 7.62x54R ndi pafupifupi 14.5 mm. Bolt, extractor ndi magazini (bokosi losungira zipolopolo) za Lee-Enfield ndi Mosin zonse zimadalira mkombero umenewu. Mukauchotsa, zitatu zonsezi zimafuna ntchito.

*Kutalika.* Chipolopolo cha 8x57 chimafika 82 mm, cha 9.3x62 chimafika 83.6 mm, cha .30-06 chimafika 84.8 mm, pamene cha .308 ndi 71 mm chabe. Magazini ya Mauser 98 wamba m'kati mwake ndi pafupifupi 84 mm. Ndiye kuti 9.3x62 imalowa bwinobwino (Otto Bock anaipanga mu 1905 kuti izikwana mu Mauser yomweyi), .30-06 imafuna kupalako pang'ono, ndipo .308 imasewera m'bokosi. Mauser ya ku Yugoslavia ya M48 ndi yaifupiko kuposa 98 wamba, choncho .30-06 musaiganizire n'komwe pa iyo.

*Mphamvu ya kuphulika.* Bungwe la CIP, limene limaika malire a zipolopolo m'maiko ambiri a ku Ulaya, limapereka 3650 bar (muyeso wa mphamvu ya mpweya) kwa .303 British, 3800 kwa 6.5x55, 3900 kwa 8x57 IS, 7x57, 7.62x54R ndi 9.3x62, 4050 kwa .30-06, 4150 kwa .308, ndi 4300 kwa .270. Manambalawa muwayerekeze ndi kamangidwe ka mfuti yanu. Mauser 98 ili ndi mano awiri kutsogolo kwa bolt, lachitatu lodikirira kumbuyo, ndiponso njira zothamangitsira mpweya wamoto kutali ndi nkhope yanu khoko likang'ambika. Mauser za 1893, 1895 ndi 1896 zilibe dzino lachitatu lija, mphete ya receiver ndi yaing'ono (33 mm pamene ya 98 ndi 35.8 mm), ndipo mpweya siziuthamangitsa bwino. Lee-Enfield mano ake ali kumbuyo, motero poomba bolt imafinyika pang'ono ndipo receiver imatamuka.

*Mmene receiver ilili.* Dzimbiri loopsa limabisala pansi pa thabwa, ndiye thabwalo lichoke kaye. Springfield M1903 za manambala ochepera 800,000 za ku Springfield Armory, ndi ochepera 285,507 za ku Rock Island, zinalimbitsidwa pamoto m'njira imene inasiya zina zili zosachedwa kusweka ngati galasi. Zimenezi si zomangirapo kanthu. Lee-Enfield yodindidwa DP inachotsedwa pa ntchito yoombera, inatsala ya perete basi. Pali Arisaka zina zophunzitsira, zachitsulo chosungunula, zimene zinapangidwira zipolopolo zopanda mutu, koma maonekedwe ake n'chimodzimodzi ndi zenizeni.

*Lamulo.* M'maiko ambiri chiphaso cha mfuti chimatchula calibre, moti kuisintha popanda chilolezo ndi mlandu. Ku South Africa lamulo la mfuti la 2000 limawerenga mpope pawokha ngati mfuti, ndipo wosintha calibre kapena kutalika kwa mpope ayenera kukhala mmisiri wa laisensi. M'maiko a CIP mfuti yosinthidwa imakayesedwanso ndi zipolopolo zoposa malire ake ndi 25 peresenti. Ku Britain amayesera ku London ndi ku Birmingham. Ku America mpope wosakwana mainchesi 16 umagwa pansi pa lamulo lapadera la 1934. Kuitanitsa mpope chilolezo chisanatuluke, mmisirinso asanaione receiver, ndiko kugula mbereko mwana asanabadwe.

Njira yoyamba: kuisiya mu calibre yake, n'kungoikonza

*Ndalama.* Palibe njira yotchipa kuposa iyi. Mmisiri amapima headspace, mpata umene khoko limakhala nawo pakati pa nkhope ya bolt ndi pamene latsamira m'chamber, chipinda cha chipolopolo kumbuyo kwa mpope. Amasintha sipuling'i yofooka. Ngati kukamwa kwa mpope kunadyeka ndi ndodo yotsukira, amakusemanso. Pa Lee-Enfield No. 4 headspace imakonzeka mosavuta chifukwa mutu wa bolt ndi wopotokola, ndipo ilipo ya manambala 0 mpaka 3. Asilikali a Britain ankalola kuyambira 0.064 mpaka 0.074 ya inchi.

*Kupezeka.* Zipolopolo za .30-06 zili paliponse pamene pamagulitsidwa zipolopolo. Za 6.5x55, 7x57, 8x57, .303 ndi 7.62x54R zikupangidwabe ndi makampani ngati Prvi Partizan ndi Sellier & Bellot. Zosowa ndi za Arisaka, 6.5x50 ndi 7.7x58. Mlenje afune zamutu wofewa, chifukwa zankhondo zokutidwa mutu wonse zimapyoza nyama osatambasuka, ndipo malo ambiri n'zoletsedwa posaka.

*Kusamala.* Zipolopolo zakale zankhondo zambiri zili ndi primer (kachoyatsira onga ka pa tako la khoko) ya potassium chlorate, imene imasiya mchere mumpope. Mafuta sasungunula mchere umenewu. Thirani madzi otentha tsiku lomwelo, umitsani, pakani mafuta, mawa lake muonenso. Thabwa musalipale ndi sanipepa ngati mukufuna mfutiyo isatsike mtengo.

*Zoopsa.* Calibre ya 8x57 ilipo pawiri: yakale ya mutu wa 0.318 ya inchi, ndi ya S ya 0.323 imene Germany inayamba mu 1905. Gewehr 1888 ndi mfuti zina zakale za ulenje ziyenera kupimidwa mpope musanaikemo ya S. Chipolopolo chakale chikakana kuomba, mfuti iloze kumene kulibe munthu kwa mphindi yathunthu musanatsegule bolt, poti zina zimachedwa kuyaka. China chimadabwitsa ambiri: mfuti izi zimaomba m'mwamba. Choonera cha Gewehr 98, Mauser 98 yoyambirira ya Germany, chimayambira pa mamita 400, cha m/96 ya ku Sweden pa 300, ndiye pa mamita 100 chipolopolo chimadutsa pamwamba pa chandamale. Mankhwala ake ndi kansonga kataliko kutsogolo, osati calibre ina.

Ponena za mphamvu, nyama imene yalasidwa pamalo oyenera ndi 8x57 kapena .303 siigwa mosiyana ndi imene yalasidwa ndi .308. Amene akusintha kuti apeze mphamvu yoonjezera pakati pa zipolopolo izi akulipira chinthu chimene sadzachiona.

Njira yachiwiri: kuipepula ndi kuiika scope, calibre osaisintha

*Ndalama.* Pano ndalama zimatuluka pang'onopang'ono mpaka mwini wake kudzidzimuka. Tengani Mauser 98. Pamafunika mabowo anayi pa receiver, ooleredwa pa chida chogwirira kuti akhale pa mzere umodzi, kawirikawiri a thread (mizere yopotokolera) ya 6-48. Chogwirira bolt chimagunda scope, ndiye chiyenera kupindidwa pamoto kapena kudulidwa n'kuwotchererapo china. Safety ya mbendera nayo imagunda scope ikaimirira, isinthidwe. Kalinunda kolowetsera clip (kachitsulo kogwira zipolopolo pamodzi) kamene kali kumbuyo kwa receiver nthawi zina kamafuna kupalidwa. Trigger ya asilikali ndi yolemera ndi yaitali, ambiri amagula ina. Kenako thabwa: la asilikali ndi lotsika moti tsaya silifika pa mzere wa scope. Mukaphatikiza zonsezi pa malipiro a mmisiri, mwayandikira kale mtengo wa mfuti yatsopano ya ulenje yotsika mtengo.

Kupepukako nakonso si kwenikweni. K98k, Mauser 98 yaifupiko ya asilikali a Germany, imalemera pafupifupi 3.9 kg. Kuchotsa thabwa lapamwamba, mphete zomangira ndi chogwirira benete kumachotsako mwina theka la kilogalamu, ndipo scope ndi zomangira zake zimabweza kulemera komweko.

*Kupezeka.* Zipangizo za Mauser 98 ndi zambiri kuposa za mfuti ina iliyonse pano. Za No. 4 ziliponso, kuphatikizapo zomangira scope zosafuna kuboola, zimene zimagwira pamene panali choonera cha kumbuyo. Mosin ndi yovuta: receiver yake ndi yong'ambika pamwamba kumbuyo kuti chogwirira bolt chidutsepo, choncho scope imamangidwa cham'mbali, kapena kutsogolo pa tsinde la choonera ndi scope yoonera patali ndi diso. M1917 ili ndi makutu achitsulo otchinga choonera amene amafuna makina kuti achoke.

*Kusamala.* Receiver ikhazikidwe m'thabwa ndi epoxy, makamaka pamene pamatsamira kugunda kwa mfuti, apo ayi thabwa limang'aluka kumbuyo. Zomangira scope zosaboola zimamasuka, muzizipima kawirikawiri.

*Zoopsa.* Mauser inalimbitsidwa khungu lokha, m'kati ndi mofewa. Bowo lakutsogolo likaphonya n'kulowa pa mpando wa dzino la bolt, receiver yatha. Powotcherera chogwirira, kutentha kukafika pa mano kapena pa kanjira kokokera firing pin (msomali womenya primer), chitsulo chimafewa. Mmisiri wodziwa amaika chomwera kutentha m'kati mwa bolt n'kukulunga mano ndi nsalu yonyowa. Trigger yopalidwa kunyumba ndi tupa imachititsa kuti mfuti iombe yokha pochotsa safety. Pa Lee-Enfield vuto ndi lina: mpope wopyapyala wa No. 1 Mk III unakhazikidwa kuti uzitsamira thabwa lalitali pamalo oikika, ndipo ambiri akalidula amapeza kuti zipolopolo zayamba kumwazika. Podula mpope, yembekezerani kutaya mamita 6 mpaka 10 pa sekondi pa inchi iliyonse, ndi phokoso loonjezereka.

Ndipo zonsezi sizibwerera. Mfuti ya manambala ofanana pa zigawo zonse, yokhala ndi zidindo zake, ikangobooledwa bowo limodzi otolera zakale saiyang'ananso.

Njira yachitatu: kukulitsa chamber, mpope womwewo

Njira imeneyi inabadwa chifukwa cha malamulo ndi kusowa kwa zipolopolo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, ku Germany anakulitsa 8x57 kukhala 8x60 S pozemba chiletso cha zipolopolo zankhondo. Ku France alenje anachita zofanana kwa zaka zambiri mpaka malamulo atasintha mu 2013. Asilikali a America amene anabwerera kwawo ndi Mauser ndi Arisaka mu 1945 anasowa zipolopolo, ndiye kunabadwa 8mm-06 ndi 6.5x257 Roberts.

*Ndalama.* Ntchito yake ndi ya maola ochepa ngati mmisiri ali ndi reamer yake, chida chosemera chamber. Ngati alibe, mugula kapena kubwereka reamer ndi zopimira headspace. Ndalama zenizeni zili kutsogolo, chifukwa zambiri mwa calibre izi sizigulitsidwa m'paketi. Mudzafunika zida zodzazira nokha.

*Kupezeka.* Lamulo lake ndi limodzi: mutu wa chipolopolo ukhale wofanana ndi wakale, ndipo chamber yatsopano ikhale yaikulu kuposa yakale mbali zonse kuti reamer ifafanize yakaleyo. Choncho 8x57 singasanduke .308 m'njira iyi, poti mpope ndi wa mutu wa 8.2 mm pamene wa .308 ndi 7.82 mm. Nayonso .30-06 singasanduke .308 ndi reamer yokha chifukwa .308 ndi yaifupi. Mpope uyenera kudulidwa kumbuyo n'kusemedwanso thread, ndipo pamenepo mtengo wayandikira wa mpope watsopano.

*Kusamala.* Calibre yatsopano idindidwe pa mpope poonekera, yakale ifufutidwe. Sungani zida zodzazira pamodzi ndi mfutiyo, chifukwa popanda izo wodzaigula alibe choombera.

*Zoopsa.* Mbiri ya njira iyi yadzaza ndi ntchito zachidule. Mauser zambiri za ku Argentina za 1909 zinakulitsidwa kuchoka pa 7.65x53 kupita pa .30-06, mutu wa 0.308 n'kumayenda mumpope wa 0.311, zimaomba, koma sizilunjika. Mosin zimene kampani ya Bannerman inasintha kukhala .30-06 m'zaka za m'ma 1920 akatswiri amati si zoombera. Ena anayesa kufupikitsa chamber poikamo kachitsulo: asilikali apamadzi a America anatero pa M1 Garand kuti ilandire 7.62 NATO (mbale wa .308 wa asilikali), kachitsuloko nthawi zina kankatuluka pamodzi ndi khoko, mapeto ake anaika mipope yatsopano. Mauser zina za ku Chile za 1895 zili ndi chigamba cha mtundu womwewu, ndipo mpweya wamoto umadya pamsoko. Ngozi ina imadza mfuti ikasintha manja: wina akaika 8x57 m'chamber ya 8x60 S kapena 8mm-06, headspace imachuluka ndipo khoko likhoza kuduka.

Njira yachinai: kuboola mpope, kuikamo wina m'kati, kapena kuusandutsa wa shotgun

*Ndalama.* Kuboola mpope kuti ukule n'kusemamo mizere yatsopano kumatchipirapo kuposa mpope watsopano, ndipo zoonera, zidindo ndi thabwa zimakhala momwe zinalili.

*Kupezeka.* Amisiri ochita zimenezi ndi owerengeka padziko lonse, ndipo kutumiza mpope kunja kwa dziko kumafuna mapepala. Zodziwika ndi .30-06 kupita pa .338-06 kapena .35 Whelen, ndi 8x57 kupita pa 9.3x57. Kuika kampope ka .22 m'kati ndi ntchito yakale ya asilikali eni ake: No. 2 Mk IV ya Britain inali Lee-Enfield yophunzitsira ya .22.

*Kusamala.* N'chimodzimodzi ndi mpope wina uliwonse, kupatula kuti mfuti yapepuka pamene chipolopolo chalemera, ndiye imakankha kwambiri paphewa ndipo thabwa lakale limafuna kulimbitsidwa.

*Zoopsa.* Khoma la mpope likhale lokhuthala mokwanira kukamwa, ndipo mabowo akale a zoonera asakhale akuya. Za shotgun n'zofunika maso: Lee-Enfield ya .410 ya ku fakitale ya Ishapore ku India chamber yake inasemedwera khoko la .303 losapanikiza khosi, osati .410 ya m'sitolo, ngakhale zambiri zinadzakulitsidwa pambuyo pake. Shotgun za Geha, zopangidwa kuchokera ku Gewehr 98, mipando ya mano akutsogolo inadyedwa kwambiri pokulitsa, ndipo kambale ka kumutu kwa bolt kamatha kugwa osadziwa. Zimenezi n'zosunga, osati zotengera chitsanzo.

Njira yachisanu: mpope watsopano

Iyi ndiyo njira yeniyeni yosinthira calibre, ndipo maboma nawo anaitsata: Norway inasintha K98k kukhala .30-06 ku Kongsberg m'zaka za m'ma 1950, Israel inasintha zake kukhala 7.62 NATO.

*Ndalama.* Mpope, kuumanga, kusema chamber, kudetsa chitsulo, kukonza kayendedwe ka zipolopolo, kuyesedwa kwa boma, kuphatikizapo zonse za njira yachiwiri ngati mukufunanso scope. Pafupifupi nthawi zonse zimaposa mtengo wa mfuti yatsopano wamba, ndipo podzagulitsa simudzabweza ndalamazo.

*Kupezeka.* Kwa Mauser 98 mipope yosemedwa kale thread ilipo yambiri, kuchokera ku makampani ngati Lothar Walther. Thread ya mphete yaikulu ndi mainchesi 1.100, mizere 12 pa inchi, ya madigiri 55. Ya mphete yaing'ono ndi 0.980. Mauser zina za ku Turkey mphete ndi yaikulu koma thread ndi yaing'ono, choncho pimani musanagule. M1903 ndi M1917 thread yake ndi ya makona anayi, mizere 10 pa inchi.

Ntchito imayenda motere. Mpope umagwidwa m'chopanira chake, receiver n'kupotokoledwa ndi sipanala yoikumbatira mphete yonse. Wolowetsa chitsulo m'njira za bolt n'kupotokola amapinda receiver. M1917 za ku fakitale ya Eddystone zinamangidwa mothina kwambiri moti zina zimang'aluka pomasula, n'chifukwa chake amayamba asema kamzere pa mpope wakale pafupi ndi receiver kuti uleke kukanika. Mpope ukachoka m'pamene mipando ya mano imaoneka. Ngati mano adindamo timaenje, imani pomwepo: khungu lolimba labooka, ndipo headspace idzapitiriza kukula ngakhale mpope ukhale watsopano. Mpope watsopano umabwera ndi chamber yoperewera dala, mmisiri n'kumalizitsa ndi reamer pang'onopang'ono. Popima amachotsa firing pin ndi extractor, n'kutseka bolt ndi nsonga za zala: itseke pa chopimira cha GO, ikane pa cha NO-GO. Ziwirizi zimasiyana ndi 0.10 mpaka 0.15 mm basi, ndiye kuzunguliza kamodzi koonjezera kumakwana kuononga ntchito yonse.

Pamene ambiri amagwa mphwayi ndi pa kayendedwe ka zipolopolo. Pa Mauser milomo yogwira zipolopolo inasemedwa mu receiver momwemo, molingana ndi kutsetsereka kwa khoko la 8x57. Khoko la .308 ndi lalifupi ndi loongoka, motero limatha kudumpha msanga, extractor isanaligwire, kapena mutu wake kugunda pansi pa chamber. Pamafunika chotchinga m'magazini, follower ina (kambale kokankhira zipolopolo m'mwamba), ndi kupala milomo pang'onopang'ono, poyesa ndi zipolopolo zopanda onga mobwerezabwereza. Chitsulo chopalidwa sichibwerera. Ndiye chifukwa chake 7x57, 6.5x55, .30-06 ndi 9.3x62 zimayenda bwino mu 98 kuposa .308 ndi .243, ngakhale ziwirizi n'zimene anthu amapempha kwambiri.

Lee-Enfield ndi Mosin zimakhala bwino m'banja lawo lomwe. Ku Australia anapanikiza khosi la .303 n'kupeza .303/25, ku South Africa kunatuluka 6mm Musgrave, ku Finland 8.2x53R ndi 9.3x53R, zonsezi mkombero ndi womwewo, ndiye bolt siisintha. Britain inasinthadi No. 4 kukhala 7.62 NATO pa L39A1 ndi L42A1, koma inasintha mpope ndi extractor, pa L42A1 ndi magazini omwe, n'kuyesanso mfuti iliyonse. No. 1 Mk III si ya ntchito imeneyo. Ishapore 2A ndi 2A1 zimene zimaoneka ngati iyo zinapangidwa zatsopano mu 7.62 kuyambira 1963. Sizinasinthidwe kuchoka pa .303.

*Kusamala.* Sankhani kupota kwa mizere molingana ndi mutu umene mudzaombe: mitu yaitali ya 6.5 mm imafuna kuzungulira kamodzi pa 200 mpaka 220 mm, .308 imakhutira ndi 305 mm pa mitu wamba, koma yolemera kwambiri imafuna 254 mm. Headspace ipimidwenso mukaomba mapaketi angapo oyamba, makamaka pa receiver yakale.

*Zoopsa.* Kuika .308, .243 kapena .270 pa Mauser ya mphete yaing'ono ndi kukweza mphamvu pa chitsulo chimene chilibe dzino lachitatu. Pamenepo pakhalebe 7x57 kapena 6.5x55. Mfuti ya FR7 ya ku Spain ndi ya mphete yaing'ono, pamene FR8 ndi ya 98. Magnum yaitali ngati .375 H&H, ya 91 mm, imakakamiza mmisiri kudya chitsulo pa kamtunda kokwezera zipolopolo, ndipo kuseri kwa kamtundako ndi kumene dzino lapansi limatsamira. Ofuna magnum ayambire pa M1917 kapena mbale wake P14, zimene ndi zazitali kale. Zizindikiro zakuti zinthu sizili bwino ndi bolt yolimba potsegula, primer yophwatalala, ndi kamzere kowala kozungulira khoko pafupi ndi tako.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kugula yosinthidwa kale, kapena yatsopano

*Ndalama.* Popeza mfuti yosinthidwa siibweza ndalama, wogula ndi amene amapindula. Kampani ya Parker-Hale inasintha Lee-Enfield zambirimbiri mwaukhondo, Husqvarna ndi Musgrave anamanga mfuti za ulenje pa Mauser, ndipo pamsika wa zakale zimatchipa kuposa kusintha yanu.

*Kupezeka.* Kumadalira dziko, koma zosinthidwa n'zochuluka kuposa zimene sizinakhudzidwe.

*Kusamala.* Mfuti yatsopano imabwera yoboola kale, trigger yosinthika, zipangizo zopezeka. Chimene ilibe nthawi zambiri ndi extractor yaikulu ya Mauser imene imagwira khoko kuyambira m'magazini mpaka kulitaya.

*Zoopsa.* Ntchito ya munthu wosadziwika. Musakhulupirire chidindo cha pa mpope. Mmisiri athire chopimira m'chamber kuti aone calibre yeniyeni, apime headspace, achotse zomangira scope kuti aone ngati pansi pake palibe mabowo otsekedwa, ayesenso safety pokoka trigger ili yotseka kenako n'kuitsegula.

Njira iti kwa ndani

Ngati mfuti yanu ndi ya manambala ofanana, thabwa ndi zidindo zili momwe zinachokera, njira ndi yoyamba, ndipo ngati maso akufuna scope, ikani yosaboola. Mukafunabe mfuti yopepuka, gulitsani imeneyi kwa wotolera zakale, mugule ina.

Mauser 98 yodulidwa kale, mpope uli bwino, zipolopolo zikupezeka: malizitsani njira yachiwiri, 8x57 osaisintha. Mpope ukakhala kuti unadyeka ndi dzimbiri koma receiver ili bwino, apa m'pamene mpope watsopano uli ndi nzeru. 7x57 kapena 6.5x55 kwa nyama zapakati, .30-06 ngati chachikulu ndi kupezeka kwa zipolopolo, 9.3x62 kwa zazikulu. Mauser ya mphete yaing'ono ibwerere ku chipolopolo chake chomwe.

Lee-Enfield ya mpope wotha ipatsidwe wina wa .303, kapena wa m'banja lomwelo ngati mumadzaza nokha. Mosin ikhale 7.62x54R. Arisaka ya Type 38 kapena Type 99 yeniyeni ndi yolimba, koma zipangizo zake n'zosowa, ndiye wodzaza yekha angofuna makoko ake m'malo mosintha mfuti.

Kukulitsa chamber n'kwa amene lamulo la dziko lake limaletsa calibre yankhondo, kapena wodzaza yekha amene chamber yake yaonongeka koma mizere ili bwino. Kuboola mpope n'kwa mfuti ya malemu bambo kapena agogo imene mukufuna ioneke momwe inalili koma m'kati munatha. Amene akungofuna mfuti ya .308 yokhala ndi scope yopita nayo kukasaka chaka chino, ndipo alibe receiver m'manja, apite pa njira yachisanu ndi chimodzi.